Mtanda Ndi Wako, Usawasenzetse Amayi Ako

Mawu owerenga: Luka 14:25-33; Mateyu 10:34-39; Marko 7:9-13

Mwezi uno ndayamba ndaika pambali nkhani ya chakhumi imene ndinakulonjezani, chifukwa pali ina imene yakhala ikundisowetsa tulo. Ndinaipeza pa mlaga wina kufupi ndi phiri la Domué, kumene ndinakacheza anthu atangomaliza kukolola. Tinatsegula Luka 14 dzuwa lili paliwombo, ndipo pamene amayi amasonkha moto wa chakudya chamadzulo, akulu a mpingo awiri anali asanamvane. Mayina awo sinditchula, ndipo anandilola kuti ndiifotokoze nkhaniyi pano.

Chimene chinautsa mtsutso ndi mnyamata wina wa mpingo wawo amene amagwira ntchito m'sitolo ku Tete. Bambo ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Chitatha chaka, atsibweni ake analamula kuti pakhale mowa wa m'meto, ndipo mwana aliyense wa malemuwo anauzidwa kusonkha ndowa ziwiri za chimanga cha chimera. Mnyamatayo anakana. Ankadziwa bwino mwambo wa pamudzi pawo, kuti mowawo sungomwedwa ayi, koma wina amathira pansi akutchula dzina la womwalirayo ndi kumupempha kuti agone, asavutitse ana. Iye anati ndine wobatizidwa, ndimadya Mgonero wa Ambuye, sindingathe kupembedzera mzimu. Amayi ake analira, atsibweni anamunena kuti ndi mwana wosaleredwa, ndipo anabwerera ku Tete osatsazika. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuimba foni, anasiyanso kutumiza ndalama ya feteleza imene ankatumiza chaka ndi chaka. Mlongo wake atamufunsa chifukwa chake, anamuyankha ndi Luka 14:26, vesi limene Ambuye Yesu akunena kuti munthu wosada atate ake, amayi ake, mkazi wake, ana ake ndi abale ake sangakhale wophunzira wao. Chaka chimenecho munda wa amayi aja unabereka chimanga chosadzaza ngakhale theka la nkhokwe.

Mkulu woyamba, munthu wachikulire amene anabatizidwa dziko lino lisanalandire ufulu, anati mnyamatayo sanalakwe. Mawu ali poyera, iye anatero, ndipo ife tazolowera kuwathira madzi mawu alionse amene akutiwawa. Anawonjeza kuti ngati pamudzipo anasankha mizimu, ndiye kuti anasankhanso kumutaya mwana wawo, ndipo njala imene inagwa pakhomopo mwina ndi imene idzawatembenuza. Mkulu wachiwiri, amene ndi mphunzitsi wa pasukulu, anagwedeza mutu. Anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anatikumbutsa kuti lamulo lachisanu silinafafanizidwe, ndi kuti Mateyu 10:37, polemba chiphunzitso chomwechi, sakunena za kuda koma za kukonda makolo koposa Ambuye. Kwa iye, ndowa ziwiri za chimanga sizinali kanthu koti n'kuswera mudzi. Akadangopereka, osamwa, n'kupemphera mumtima mwake, mtendere ukadakhalapo.

Anandifunsa maganizo anga, koma tsiku limenelo sindinayankhe zambiri. Ndakhala ndikuwerenga ndi kulingalira, ndipo ndaona kuti aliyense wa abale awiriwa wagwira mwendo umodzi wa mbuzi, nauyesa mbuzi yonse.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Aphunzitsi aja sananame ponena kuti kuda kwa pa vesi limeneli sikufanana ndi chidani chimene timachidziwa m'midzi mwathu, chija cha anthu olandana malire a dimba. Luka analemba m'Chigriki, koma kalankhulidwe kake ndi ka Ayuda, amene poika zinthu ziwiri pa muyeso ankati chimodzi chakondedwa, chinacho chadedwa. Onani Genesis 29. Vesi 30 likutiuza kuti Yakobo anakonda Rakele koposa Leya, ndipo vesi lotsatira, pofotokoza chinthu chomwecho, likunena kuti Leya anadedwa. Kodi Yakobo anamuthamangitsa Leya kapena kumumana chakudya? Ayi. Leya anamubalira ana aamuna asanu ndi mmodzi ndi mwana wamkazi Dina, ndipo Yakobo ali pafupi kumwalira ku Ejipito analamula kuti akamuike m'phanga la Makipela, momwe iye mwini anaikamo Leya (Genesis 49:29-31). Kudedwa kwa Leya kunali kukhala wachiwiri. Kalankhulidwe komweka tikukapezanso pa Deuteronomo 21:15-17, pa lamulo la munthu wa mitala, ndipo pamenepo chilamulo chikuteteza cholowa cha mwana wa mkazi wodedwayo. Choncho Mateyu ndi Luka sakutsutsana. Wina wasunga mawu akuthwa monga anamvekera, wina watipatsa tanthauzo lake.

Koma apa ndi pamene ambiri a ife timapumira msanga. Tikangomva kuti kuda kukutanthauza kukonda mocheperapo, timatseka Baibulo ndi mtima wopepuka, ngati kuti Ambuye sananene kanthu. Taonani malo amene mawuwa ananenedwera. Yesu ali pa ulendo wopita ku Yerusalemu kukafa, ndipo khamu lalikulu likumutsata. Mlaliki wina aliyense akadakondwa ndi khamu limenelo, koma Iye akutembenuka nalankhula mawu oti anthu ena abwerere. Akupereka fanizo la munthu womanga nsanja amene sanayambe wawerengera mtengo wake, ndi la mfumu ya asilikali 10,000 yofuna kukumana ndi mfumu ya asilikali 20,000. Munthu sawerengera mtengo wa chinthu chaulere. Pa Luka 12:51-53 ananeneratu kuti chifukwa cha Iye nyumba imodzi idzagawanika, atate ndi mwana, mpongozi ndi mtengwa wake. Ngakhale abale ake enieni anabwera kudzamugwira poganiza kuti wazungulira mutu (Marko 3:21). Tsiku limafika pamene mawu a mwinimbumba ndi mawu a Khristu akuloza njira ziwiri zosiyana, ndipo mwendo sungaponde njira zonse ziwiri. Vesi limeneli ndi la tsiku limenelo.

Mpingo wakhala ukulidziwa tsikuli kuyambira kale. M'chaka cha 203, mumzinda wa Carthage, kumene lero ndi dziko la Tunisia, mayi wina wachitsikana dzina lake Perpetua anamangidwa chifukwa cha chikhulupiriro ali ndi khanda loyamwa. Bambo ake, amene sanali Mkhristu, anabwera kangapo kudzamudandaulira kuti achitire chifundo imvi zawo ndi mwana wakeyo, angopereka nsembe chifukwa cha mfumu ya Roma kuti amasulidwe. Sanamupemphe chinthu chachikulu pa maso a anthu. Chinali chochepa kuposa ndowa ziwiri za chimanga. Perpetua anakana, ndipo anaphedwa m'bwalo la masewero. Koma m'zimene iye mwini analemba ali m'ndende akufotokoza kuti pamene bambo akewo anamenyedwa ndi ndodo pabwalo la milandu, iye anamva kuwawa ngati kuti ndodoyo yagwera pa thupi lake. Anakana pempho lawo, koma mtima wake sunawataye.

Ndipo sitifunika kupita kutali chotere. Uthenga umene tikuusunga mu mpingo wathu unafika kuno ku Angónia pamene mbusa A.G. Murray anatsegula misyoni ya Mphatso mu 1909. Mu 1922, chaka chomwe Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu, boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya amisyoni amenewa. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu Akhristu a kuno anakhala opanda mbusa wokhala pakati pawo. Ankadutsa malire kupita ku mipingo ya tsidya la Nyasaland, monga ku Mlanda, kukabatiza ana ndi kukadya Mgonero. Taganizirani zimene munthu wotere ankamva kuchokera kwa abale ake: ukutiitanira mavuto ndi boma, bwanji osangolowa kumene alowa anzako onse? Amene ankanena zimenezi sanali adani, anali amayi ndi atsibweni amene ankamufunira zabwino. Akadakhala kuti onse anamvera mawu achikondi amenewo, bwenzi lero kulibe Sinodi ya Mphatso, kulibe sukulu ya ubusa ya Hefsiba ku Vila Ulónguè, ndipo tsamba limene mukuwerengali bwenzi kulibe. Pa ichi mkulu wachikulire uja ananena zoona, ndipo aphunzitsi aja ayenera kuvomera.

Choncho ine ndikuti mnyamatayo anachita bwino kukana chimanga cha chimera. Sindikuweruza pano miyambo yonse ya maliro, pakuti ilipo yambiri imene ili yongotonthozana ndi kukumbukira, ndipo Mkhristu sayenera kuithawa. Koma iye ankadziwa chimene mowa umenewo unali pamudzi pawo, ndipo chikumbumtima chake chinamuletsa. Kupereka kwinaku akupemphera mobisa kukadakhala kunamiza atsibweni ndi kunamiza Mulungu nthawi imodzi.

Tsopano tibwere ku mwendo wina wa mbuzi ija. Werenganinso vesi 26 mpaka kumapeto kwake. Mndandanda wa zoyenera kudedwa sukuthera pa abale ndi alongo ayi, ukuthera pa moyo wa munthu mwini wakeyo. Ndipo vesi 27 likunena za mtanda umene wophunzira ayenera kusenza, mtanda wake wa iye mwini. Apa ndi pamene ndinapeza muyeso umene ndikufuna kuusiya m'manja mwanu. Pamene mwasankha Khristu motsutsana ndi abale anu, funsani kuti amene akulipira mtengo wa chisankhocho ndani. Mnyamata uja atakana chimanga, amene analipira anali iye: anatukwanidwa, anachoka ndi manyazi, dzina lake linaipa pamudzi. Umenewo unali mtanda. Koma atasiya kutumiza feteleza, analipira ndani? Iye ku Tete ndalama inayamba kumutsalira m'thumba, foni inasiya kumuvutitsa, ndipo anali ndi vesi lomutonthoza usiku. Amene anagona ndi njala m'mwezi wa Febuluwale anali amayi ake, mayi wamasiye. Mtanda unachoka pa phewa la wophunzira n'kukatera pa msana wa nkhalamba.

Chinthu chimenechi Ambuye anachitchula ndi dzina, ndipo dzina lake ndi Korban. Pa Marko 7:9-13 akudzudzula Afarisi ndi alembi chifukwa ankalola munthu kuuza makolo ake kuti thandizo limene akadawapatsa laperekedwa kwa Mulungu, ndipo akatero ankamasuka ku udindo wake. Yesu anati potero akupeputsa mawu a Mulungu ndi mwambo wawo. Amene ananena za kuda makolo ndi yemweyo amene anakwiyira anthu omana makolo m'dzina la chipembedzo. Sangakhale kuti pa Luka 14 akulamula chinthu chimene pa Marko 7 akuchitsutsa. Ndipo onani zimene Iye anachita. Anakana kubwerera kunyumba pamene amake ndi abale ake anamuitana (Marko 3:31-35), pakuti ntchito ya Atate inali patsogolo. Koma ali pamtanda, misomali ili m'manja, anakonza za kumene Mariya adzakhale, nampereka kwa wophunzira amene anamkonda (Yohane 19:26-27). Sanamvere amake pa za njira yake, koma sanawasiye opanda denga. Paulo naye, munthu amene anataya zonse chifukwa cha Khristu, akulemba pa 1 Timoteo 5:8 kuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro, ndipo akumuika pansi pa munthu wosakhulupirira. Mawu amenewa ali m'ndime imene ikukamba za amayi amasiye.

Ife a mpingo wokonzedwanso tinaphunziranso zimenezi m'kalasi tisanabatizidwe kapena kulandiridwa, kungoti timaiwala. Katekisma wa Heidelberg, wa chaka cha 1563, pa funso 104 pofotokoza lamulo lachisanu, satiphunzitsa ulemu ndi chikondi zokha, koma amatiuzanso kupirira zofooka za makolo athu. Sananene kuti lamuloli ndi la makolo obatizidwa okha.

Kumvera ndi chinthu china, kusamala ndi chinthu china. Kumvera kuli ndi malire, ndipo malirewo atumwi anawaika pa Machitidwe 5:29. Koma kusamala sindinapeze malire ake m'Malemba. Mungakane chimera, koma simungakane bulangete. Mungakane kuthira nsembe pamanda a bambo anu, koma simungakane kufolera nyumba ya amayi anu mvula isanagwe. Amene tinathawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980 kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu tikukumbukira anthu amene anabereka nkhalamba kumsana usiku wonse. Sindinamvepo kuti wina anayamba wafunsa agogo akewo ngati anali a mpingo kapena a kudambwe asanawanyamule. Mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utabwera, tinabwerera ndi amene anatsala, Akhristu ndi osapemphera omwe, n'kuyambanso kuswa mphanje pamodzi. Zingatheke bwanji kuti chimene nkhondo inalephera kudula, ife tichidule ndi vesi?

Muyeso umenewu sukhudza mnyamata wa ku Tete yekha. Ulipo Korban wina wovala bwino amene sitimutchula kawirikawiri. Bambo amene sasowa pa msonkhano uliwonse wa mpingo, Lolemba mpaka Lamulungu, pamene ana ake sanamuonepo akupemphera nawo pakhomo. Mayi amene amatsogola pa zopereka za chitukuko cha tchalitchi kuti dzina lake liwerengedwe kutsogolo, pamene apongozi ake akufunda chiguduli m'nyengo yozizira ya kuno kumapiri. Ndipo woipitsitsa ndi uyu wabwera ndi alaliki ena oyendayenda, amene amauza wachinyamata kuti umphawi wake kapena kusabereka kwa mkazi wake kukuchokera kwa agogo ake, ndipo adule chibale kuti amasulidwe. Nkhalamba imene inamulera imasanduka mfiti tsiku limodzi, ndipo vesi lathu lomweli ndi limene limawerengedwa. Funsani funso lija: akulipira ndani? Ngati yankho ndi nkhalamba, umenewo si mtanda wa Khristu. Ngakhale pa ukwati, Paulo sanalole wokhulupirira kusiya mnzake wosakhulupirira amene akufuna kukhala naye (1 Akorinto 7:12-13).

Mkulu wachikulire uja, nditamufotokozera zimenezi, anandifunsa funso limene silinali lopepuka. Anati, nanga akatumiza ndalama ya feteleza, atsibweni n'kuitenga kukagula chimera, kodi sanathandize nsembe yomweyo? Ndinamuyankha kuti angathe kugula thumba la fetelezayo n'kulikweza pa chapa, kapena kubwera yekha ndi khasu. Koma ndinavomera kuti ngakhale atatero, chimanga chimene chidzatuluke m'mundamo sadzachilondera, ndipo mwina china chidzafululidwa. Pamenepo ndikuona kuti mlandu suli pa iye. Mulungu amagwetsa mvula pa munda wa wolungama ndi wa wosalungama, ndipo sitinamvepo kuti ali ndi mlandu wa mowa umene umaphikidwa ndi chimangacho. Mkuluyo anaseka pang'ono, koma sanandiuze kuti wakhutira.

Pali mbali ina imene akulu onse awiri sanaikhudze, ndipo ndi imene ikutikhudza tonse amene timakhala pa mipando ya kutsogolo. Ife timaphunzitsa achinyamata kukana, ndipo timachita bwino. Koma munthu akakana mwambo wa mbumba yake kuno kwathu, sataya moni yekha. Angataye munda, angasowe nkhoswe pa ukwati wake, ndipo amayamba kudzifunsa kuti akadzamwalira mwana wake, adzakumba manda ndani. Pa Marko 10:29-30 Ambuye analonjeza kuti wosiya abale chifukwa cha Iye adzalandira abale, alongo ndi amayi ochuluka m'nthawi ino yomwe, pamodzi ndi mazunzo. Abale amenewo sadzagwa kuchokera kumwamba. Ndife. Ndinafunsa pa mlaga paja kuti kuyambira tsiku limene mnyamatayo anachoka ndi manyazi, ndani wa mpingo anamuimbira foni, ndipo ndani anakaona nkhokwe ya amayi ake m'nyengo ya njala. Panali chete. Munthu wosiyidwa yekha ndi vesi lakuthwa amadzicheka nalo, ndipo amacheka ndi ena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinamusiya asenze yekha kwa chaka chathunthu, kenaka n'kukhala pansi kutsutsana ngati anasenza bwino.

Akulu awiriwo, ngakhale sanagwirizane pa tanthauzo la vesi, anagwirizana kukwera galimoto limodzi kupita ku Tete. Zimene anakamba ndi mnyamatayo sindinazimve zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwezi wathawu, anthu akukonza mizere, anafika pamudzi ndi matumba awiri a feteleza, nakhala masiku anayi akulima munda wa amayi ake. Tsiku loyamba amayiwo sanamulankhule, anangomuikira nsima pakhonde. Tsiku lachitatu anamufunsa ngati ku Tete kukutenthabe monga kale. Atsibweni ake mpaka lero samuyankha moni, ndipo anena poyera kuti dimba la kudambo limene linali loti likhale lake alipereka kwa mphwake.

Tsopano pabuka funso lina. Chaka chamawa kuli mwambo wonga womwewo wa agogo ake aakazi, ndipo amayi ake amupempha kuti angobwera kudzakhala nawo pa mphasa, osasonkha, osamwa, kuti anthu asanene kuti alibe mwana wamwamuna. Aphunzitsi aja akuti apite. Mkulu wachikulire akuti kukhala pa mphasa imeneyo ndi kuvomereza. Mnyamatayo wapempha kuti bwalo la akulu a mpingo limuthandize, ndipo nkhaniyi ikambidwa pa msonkhano wawo wa mwezi wamawa. Amene muli ndi maganizo, makamaka inu amene munadutsamo m'zoterezi, lembani kalata ndi kuipereka kwa abusa kapena kwa mlembi wa mpingo wanu kuti indipeze msonkhanowo usanachitike. Ndipo popemphera sabata ino, muwakumbukire mayi wamasiyeyo ndi mwana wake, pamodzi ndi atsibweni aja.